Penti wa a Fredson ndi Mlendo wa ku Khonsolo

Khoma la kuchipinda kwa a Fredson Kachingwe linali ndi mapu, koma amene anajambula mapuwo sanali munthu. Chinali chuku. Chinayambira pakona pafupi ndi windo, chakuda bii, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kudenga. Akazi awo, a Sellina, ankachipukuta Loweruka lililonse, koma pofika Lachitatu chinkakhala chitabwerera, chitatenganso achibale ake.

Fulatiyo inali ku Crumlin, mumzinda wa Dublin, ya chipinda chogona chimodzi, ndipo munkakhala anthu asanu. Makolo ankagona kuchipinda pamodzi ndi Mwaiwathu, mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mapasa awo, Thom ndi Enos, anyamata amene miyendo yawo inkatalika sabata iliyonse, ankayala matiresi pabalaza. Wopita kubafa m'mawa ankadumpha mwana mmodzi n'kupepesa winayo.

Kuthinanako akanatha kupirira. Chovuta chinali chifuwa cha Mwaiwathu. Mwanayu anali ndi mphumu, ndipo kukazizira ankapuma ngati ketulo yotsala pang'ono kuwira. Kapampu kake kopumira sikankachoka m'thumba. Dokotala anali atanena kale kuti chinyezi cha m'nyumbamo ndi chimene chikuwonjezera matendawo. Landilodi akamuimbira foni ankangoti azitsegula mawindo, ngati kuti panja pa Dublin pamawomba mphepo ya ku Nsanje.

Banjali linalembetsa kalekale ku khonsolo kuti lipeze nyumba zija amapatsa anthu amene sangakwanitse lendi ya malandilodi wamba. Mapepala awo okhalira m'dziko anali bwinobwino. A Fredson ankasamalira okalamba, a Sellina ankakonza m'maofesi, ndipo malipiro awo sankapitirira malire amene khonsolo imalola. Ankangodikira pamzere. Koma pamene ankalembetsa, Mwaiwathu anali khanda lopanda vuto, ndipo mapasa anali tiana tokwana pamatiresi amodzi. A Sellina ataona kuti zinthu zasintha anapempha kuti nkhani yawo iunikidwenso. Yankho linabwera lakuti Lachinayi kubwera mayi wa ku khonsolo, dzina lake Rachael, kudzaona mmene akukhalira.

A Fredson atamva zimenezi anayang'ana khoma, n'kuyang'ana matiresi, kenako akazi awo.

"Amake Thom, kukubwera mlendo wa boma. Ndiye timulandirire muno mmene mulilimu?"

A Sellina anati zimenezo ndiye zomwe mlendoyo akubwerera. A Fredson anaseka kaseko ka munthu wodziwa zinthu. Anati boma amalidziwa iwo. Kodi ndani angabwereke njinga yatsopano kwa munthu amene yake yakale anaithyola? Mayiyo akaona khoma ilo adzati awa ndi auve, tikawapatsa nyumba yabwino akaiwoletsa. Komanso iwo analeredwa mwa ulemu. Kwathu mlendo akamabwera umasesa pabwalo, mphasa yong'ambika umaibisa kuseri, ndipo akakupatsa moni umati tili bwino, ngakhale mwagona ndi madzi okha m'mimba.

Ntchito inayambika. A Fredson anagula chitini cha penti woyera n'kupaka khoma lija kawiri, mapu onse n'kufufutika. Kwa a Aloysius, mnzawo wa kutchalitchi wa ku Tallaght, anakabwereka makatani amaluwamaluwa. Matiresi a mapasa anawanyamulira kumtunda kwa a Womba, mayi wa ku Zambia, namwino, amene ankakhala fulati ya pamwamba pawo. Anawauza kuti akufuna kukolopa chabe. Mapasa anauzidwa kuti akaweruka kusukulu akasewere mpira mpaka kuwaitana. Mwaiwathu anamuveka diresi la Khirisimasi, n'kumulangiza kuti chifuwa chikabwera amwe madzi. Kapampu kaja a Fredson anakachotsa patebulo, ati kakuonetsa ngati m'nyumba muli chipatala.

A Sellina anakazinga nkhuku ndi mandasi, koma mtima wawo sunali pamenepo.

Lachinayi masana Rachael anafika pa njinga, jekete itanyowa ndi mvula. A Fredson, amene anali atavala suti, anakhumudwa pang'ono kuona boma likubwera pa njinga, komabe anamulandira ndi manja awiri. Mayiyo ananunkhiza n'kufunsa ngati angopenta kumene. A Fredson anati banja lawo limakonda ukhondo. Anafunsa za chinyezi, iwo anati kamodzikamodzi, ngati kwina kulikonse. Anafunsa kumene anyamata amagona, iwo anati amagona bwino kwambiri, mpaka kuchita kuwadzutsa. Atafunsa za thanzi la Mwaiwathu, mwanayo anangogwedeza mutu, masaya atatupa ndi madzi.

Rachael anatembenukira kwa a Sellina n'kufunsa ngati pali vuto lina limene akufuna kuti alidziwe. A Sellina anayang'ana pansi. Kutsutsa mwamuna wako pamaso pa mlendo si chinthu chapafupi.

"Palibe, mayi," anayankha a Fredson m'malo mwawo. "Tikungothokoza Mulungu ndi dziko la Ireland."

Potsanzikana anamupatsa kabakuli ka nkhuku ndi chitenje chatsopano. Rachael anathokoza, koma anati lamulo la ntchito yake silimulola kulandira mphatso kwa anthu ofuna nyumba. Anasiya nambala ya foni, ndipo ponena kuti akakumbukira china aimbe, maso ake anali pa a Sellina.

Chitseko chitatsekedwa a Fredson anavina pang'ono. Anati mayiyo wagoma, ndipo za kukana nkhukuzo asadandaule, munthu woleredwa bwino amayamba wakana kaye.

Asanadye n'komwe chakudya chamadzulo, ketulo ija inayamba kulira. Fungo la penti m'nyumba yotseka mawindo linali litamulowa Mwaiwathu m'chifuwa. A Sellina anafunsa kapampu. A Fredson anatsegula madirowa, anasuzumira m'mapoto, anagwedeza nsapato, koma sankakumbukira kumene anakaika. A Sellina anathamangira kumtunda kukaitana a Womba. Namwinoyo anamukhazika mwanayo tsonga, n'kuwauza a Fredson kuti asiye kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira, ayambe afufuza m'thupi mwawo. Kapampu kanali m'thumba la suti imene anavala. Mwana atapumako, a Womba anawatenga pa galimoto yawo kupita ku chipatala cha ana, chomwe sichinali kutali. Mwaiwathu anagona komweko, ndipo kutacha anali akuseka ndi anamwino n'kumafunsa ngati nkhuku ija yatsalako.

Tsiku lomwelo a Fredson anakwera masitepe kukatenga matiresi. A Womba anali atamva kale nkhani yonse kwa a Sellina. Anawalozera mpando.

"Ba Fredson, nkhalani pansi. Manje niuzeni bwino, uja mzimai anabwela kuona chani?"

"Mmene tikukhalira."

"Nanga imwe munamuonesa chani?"

A Fredson anakanda m'mutu. Anati anamuonetsa ulemu.

A Womba anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati a Fredson ali ngati munthu amene wapita kuchipatala ndi chilonda kuphazi, koma pofika kwa dokotala wavala sokosi ndi nsapato yopolisha, n'kumati wangobwera kudzapereka moni. Kenako anasiya kuseka n'kuwafotokozera. Nyumba za khonsolo ndi zochepa, ozifuna ndi ambiri. Choncho sazipereka kwa amene ali ndi makatani okongola. Amayang'ana kuti munthu wadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo akuvutika motani pamene akukhalapo. Kuthinana kumawerengedwa. Matenda amene nyumba ikuwonjezera amawerengedwanso, ngati achipatala achitira umboni. Iwo kuntchito kwawo anali atathandizapo odwala angapo ndi umboni wotere.

"Ndiye kuti dzulo lija..." anayamba a Fredson.

"Dzulo munauza boma ati tilibe vuto, thandizani ena. Na boma inamvela."

A Fredson anati komabe ndi zamanyazi kuonetsa mzungu khoma lowola. A Womba anawafunsa kuti manyazi aakulu ndi ati, khoma lakuda kapena mwana kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha penti wa bambo ake. Pamenepo a Fredson anangoyang'ana matiresi a ana awo atatsamira khoma la eni ake.

Kunyumba a Sellina anawapatsa foni ndi nambala ija. Anati wopenta ndi amene aimbe. A Fredson anaimba ataimirira, dzanja lina lili kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Anafotokoza zonse, za khoma, za matiresi, za madzi m'masaya. Rachael sanakalipe. Anafunsa kaye mmene mwana alili. Kenako anati penti anamumva fungo asanavule n'komwe jekete, koma iye amalemba zimene waona ndi zimene wauzidwa, osati zimene akuganizira. Anati abweranso pakapita masabata angapo pamodzi ndi mnzake woyeza nyumba, ndipo awatumizira fomu yoti achipatala odziwa matenda a Mwaiwathu alembe. A Womba anati pakadali pano mwanayo azigona kwawo kumtunda, kumene kunali kouma.

Tsopano a Fredson anagwidwa ndi nkhawa ina. Umboni anali ataupenta. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankaima kutsogolo kwa khoma lija, manja m'chiuno, ngati mlimi woyang'ana mitambo mu Novembala. Munthu amene kwa zaka ankatukwana chuku anayamba kuchidikira ngati m'bale wochokera ku Joni. Tsiku lina kadontho kakuda kanaoneka pakona pa windo. A Fredson anadzutsa nyumba yonse kuti idzaone. Mapasa anayankha m'Chingerezi, ali m'bulangete, kuti adadi apenga.

Koma munthu amene wangophunzira chinthu chatsopano amafuna kuchipitiriza muyeso. Lamlungu pochokera kutchalitchi a Fredson anabwera ndi nzeru ina. Poti kuthinana kumawerengedwa, bwanji pa tsiku la ulendo wachiwiri abwereke ana atatu a a Aloysius, adzakhale pabalaza ndi zikwama zawo? Panalinso gogo wina wa mu kwaya amene akanatha kudzagona pa sofa n'kumabuula pang'ono.

Ulendo uno a Sellina sanayang'ane pansi.

"Bambo a Thom, tsiku lija munandichotsera ana awiri, lero mukufuna mundiwonjezere atatu ndi gogo pamwamba. Ine ndinabereka atatu, ndipo boma liwerenga atatu."

A Womba, amene anali atatsika kudzabweza Mwaiwathu, anawonjezera kuti khonsolo imafufuza amene amakhaladi panyumba, ndipo wopezeka akunama akhoza kuchotsedwa pamzere, zaka zonse zodikira n'kupita pachabe. Komanso ngakhale bodzalo litadutsa, ndiye kuti alanda malo a mwana wina wodwala amene bambo ake anena zoona. A Fredson anati ankangoyesa maganizo. Palibe amene anawakhulupirira, koma anawasiya.

Tsiku la ulendo wachiwiri linawavuta a Fredson kuposa tsiku lililonse chifikireni m'dzikoli. Makatani anali atabwezedwa. Matiresi anali pabalaza, mapasa atakhalapo ndi miyendo yawo yonse. Kapampu kanali patebulo. Kawiri konse a Sellina anawalanda nsanza yopukutira khoma m'manja. Rachael atagogoda, a Fredson anatsegula chitseko maso ali kumbali ngati munthu amene wapezedwa akusamba.

Mnzake wa Rachael anagunditsa kachipangizo kake pakhoma, ndipo kanaonetsa kuti mkati mwake ndi monyowa kwambiri. Anati ngakhale chuku chikanapanda kubwerera, penti sakanatha kunamiza kachipangizoko. A Fredson anadandaula mumtima chifukwa cha m'mawa onse aja amene anaima pakhoma. Rachael anafunsa mafunso omwe aja, ndipo ulendo uno a Sellina ndi amene anayankha, mosabisa komanso mosawonjezera. Anasonyeza pamene aliyense amagona, anafotokoza za kuchipatala, n'kupereka fomu imene dokotala ndi namwino wa Mwaiwathu analemba.

Pomaliza a Fredson anatsitsa mawu n'kufunsa kuti kodi ku ofesiko angakaonane ndi ndani kuti zinthu zifulumire.

"Palibe," anatero Rachael. "Ngakhale ine sindingakukwezeni pamzere. Ndikapereka zimene ndaona, umboni wa achipatala ukaunikidwa ndi ena, ndipo malamulo ake ndi amodzi kwa aliyense. Mukadzaona kuti chigamulo sichinayende bwino, muli ndi ufulu wopempha kuti achionenso."

Anawachenjezanso kuti ngakhale atawaika m'gulu la ofunika kuthandizidwa msanga, sikuti makiyi abwera mawa, chifukwa m'gulumo mulinso mabanja ena. Tiyi anakana mwaulemu, ndipo ulendo uno a Fredson sanatulutse chitenje.

Patapita nthawi anauzidwa kuti pempho lawo lavomerezedwa chifukwa cha matenda a mwana ndi kuthinana. Kudikira kunapitirira. Pafupi ndi sukulu ya Mwaiwathu panali nyumba ya khonsolo imene inkakonzedwa, ndipo a Fredson anali ataisankha kale mumtima, mpaka kuuza mapasa windo lawo. Atamva kuti yaperekedwa kwa ena anakwiya. Anati nayo nkhani ija, kulikonse n'kudziwana basi, ndipo anavala jekete kuti akawaone okha anthu odziwika ku ofesiwo. Anabwerako msanga. A Sellina atawafunsa, anati anapeza amisiri akumanga kanjira kotsetsereka pakhomo, ndipo pageti panali mayi akukankha mnyamata wa pa njinga ya olumala. Anamupatsa moni mayiyo, ndipo iye anawauza kuti kumene ankakhala ankachita kumubereka mwanayo kukwera naye masitepe.

"Nyumba ija yapita kwa eni ake," anatero a Fredson, n'kuvula jekete.

Yawo inabwera mitengo itayamba kuphuka. Khonsolo inapereka dzina lawo ku bungwe lina losafuna phindu limene limamanga ndi kusamalira nyumba zotere. A bungwelo anawaitana kukacheza nawo, ndipo atawafunsa mmene akukhalira, a Fredson anatsegula pakamwa kuti anene kuti ali bwino. A Sellina anawaponda phazi. Anatsokomola n'kunena zoona.

Inali nyumba ya zipinda zitatu, mbali yomweyo ya Crumlin, ndipo lendi yake inkawerengedwa molingana ndi zimene banja limapeza. Tsiku lolowa a Fredson anayenda chipinda ndi chipinda akugunditsa chikhatho pamakoma ngati wogula ng'ombe. Onse anali ouma gwa. Mapasa anakangana za bedi la pafupi ndi windo. Mwaiwathu anakwera masitepe akuthamanga, kutsika, kukweranso, ndipo makolo ake anaima pansi akumvetsera. Ketulo sinalire. Kapampu anakasungabe m'thumba monga anawalangizira dokotala, koma masiku ankatha osakatulutsa.

Loweruka lotsatira a Sellina anakazinga nkhuku ziwiri n'kuitana a Womba. Chitenje chimene Rachael anakana chinapeza mwini wake tsiku limenelo. A Womba anachimanga m'chiuno pomwepo, n'kunena kuti iwo si boma, akhoza kulandira ngakhale china. A Aloysius nawo anabwera kuchokera ku Tallaght. Anayendera nyumba yonse akugwedeza mutu, kenako anawakokera a Fredson kukhitchini n'kunong'ona. Nawonso anali pamzere wa khonsolo ya kwawo, ndipo sabata yamawa kunali kubwera munthu kudzaona fulati yawo, imene denga lake linkadontha pamwamba penipeni pa bedi la ana.

"Achimwene, penti uja sanatsaleko? Ndikufuna ndidutsitseko pang'ono kudengako. Makatani ndiye ndili nawo kale."

A Fredson anawagwira paphewa n'kuwakhazika pampando.

"Penti alipo, theka la chitini. Koma ndikupatsani mukadzalandira makiyi. Panopa kasiyeni dengalo mmene lililimo, ndipo beseni lodontheramo madzilo musalichotse pabedi."

Pabalaza a Womba anamva n'kuyamba kuseka, ati wophunzira wawo wakhoza mayeso.

Inunso amene mukudikira nyumba ya khonsolo kapena ya bungwe, kumbukirani za khoma la a Fredson. Nyumbazi sizipita kwa wodziwana ndi bwana, kwa wopereka mphatso, kapena kwa wooneka bwino pamaso pa mlendo. Zimaperekedwa potsata malamulo olembedwa, poyang'ana nthawi imene mwadikira ndi vuto limene mulidi nalo. Malamulowa amasiyanako pang'ono khonsolo ndi khonsolo, choncho funsani a kwanu. Zinthu zikasintha pabanja, kaya kwabadwa mwana, wina wadwala kapena mwasamuka, auzeni msanga. Ngati pali matenda, pezani umboni wa achipatala. Ndipo wa ku khonsolo akagogoda pakhomo, ulemu waukulu umene mungamupatse ndi kumuuza zoona. Musabise kanthu, musawonjezerenso kanthu.